Kamuvi Kakayamba Kunjenjemera

Pa mageji onse amene ali kutsogolo kwa dalaivala, ya ma rev ndi imene imafa popanda woilira. Geji ya mafuta ikafa, mwini galimoto sagona tulo, chifukwa amadziwa kuti tsiku lina adzayenda wapansi atanyamula chigubu. Ya kutentha kwa injini ikafa, munthu amene anapserezapo gasketi amathamangira kwa amakaniko tsiku lomwelo. Koma tachometer, imene m'magalaji amangoti rev counter, ikagona pa ziro, ambiri amati bola galimoto ikuyenda. Wapolisi wa pamsewu adzafunsa laisensi, inshuwalansi ndi COF. Za kamuvi kameneka sadzafunsa.

Ine ndili m'gulu la ochepa amene zimawasowetsa mtendere. Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya mtundu wa AE100, umene ku Japan unayamba kupangidwa mu 1991. Ili ndi injini ya 5A-FE ya malita 1.5 ndi magiya a pamanja, ndipo inafika m'manja mwanga itatumikira kale anthu ena, monga zimakhalira ndi galimoto zambiri zimene zimatiyendetsa mu Blantyre muno. Kamuvi kake sikanafe kamodzin'kamodzi. Kanayamba ndi kunjenjemera injini ikamalira galimoto ili chiimire. Kenako kankati kakwera bwinobwino kufika pa 2, n'kugwa pa ziro, n'kudzukanso tayala likagunda dzenje. M'mawa kukuzizira kankagwira ntchito mokhulupirika. Masana, galimoto itakhalitsa padzuwa, kankachita zofuna zake.

Geji yoferatu sivuta, munthu amaiiwala. Yovuta ndi imene imanena zoona m'mawa n'kumabwebweta masana, chifukwa nthawi iliyonse kamuvi kakagwa mtima umadzifunsa ngati chagwa ndi kamuvi kokha kapena injini nayo yapunthwa. Funso limeneli likuoneka laling'ono, koma ndalama zambiri zimene anthu amataya pa vuto la mtundu uwu zimatayika chifukwa chosalifunsa.

Kamuvi aka sikaona injini. Kale kankatsala pang'ono kuiona: galimoto zina za makedzana zinali ndi chingwe chozungulira, chonga cha geji ya liwiro, chochokera ku injini kufika kuseri kwa dashibodi, ndipo chingwecho chikaduka nkhani inkathera pomwepo. Koma m'galimoto za petulo za msinkhu wa yangayi, chimene chimafika ku geji ndi kugunda kwa magetsi basi. Koyilo imalandira magetsi a batire, kenako magetsiwo amadulidwa mwadzidzidzi, ndipo kudulidwa kumeneko ndi kumene kumabala moto wa pa pulagi. Odula magetsi kale anali mapoyinti. M'galimoto za pambuyo pake ndi kabokosi kotchedwa igniter. Nthawi iliyonse magetsi akadulidwa, mbali ya negetivu ya koyilo imagunda kamodzi, ndipo geji imawerenga kugundako n'kukankha kamuvi.

Motero geji ya ma rev ndi mboni imene sinaone mlandu ndi maso. Inangomva kugogoda kuseri kwa khoma, n'kuwerenga, n'kubwera pabwalo kudzanena kuti mkatimo munachitika zakutizakuti. Amfumu odziwa kuweruza saithamangitsa mboni yotere, komanso sagamula mlandu pa mawu ake okha. Amayamba aifunsa kumene inaima, amene anaiuza, ndiponso ngati pali wina anamva zomwezo.

Masamu ake ndi okoma, ndipo amathandiza kwambiri. Mu injini ya four-stroke, silinda iliyonse imayaka kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri. Ndiye kuti injini ya masilinda anayi imagunda kawiri pa kuzungulira kumodzi, ya masilinda 6 katatu, ya V8 kanayi. Corolla yanga ikamalira pa 800 pa mphindi, koyilo imagunda ka 1,600 pa mphindi, kumene kuli pafupifupi ka 27 pa sekondi. Pa 3,000 imagunda ka 100 pa sekondi ndendende. Geji sidziwa kuti pansi pa boneti pali masilinda angati. Inauzidwa ku fakitale kuti izigawa ndi nambala yakuti, ndipo idzagawa ndi nambala yomweyo mpaka kufa kwake.

Apa m'pamene pamagwera anthu ambiri kwathu kuno, kumene galimoto imodzi imatha kukhala ndi ziwalo za galimoto zitatu. Munthu akagula bokosi la mageji lochokera m'galimoto ya masilinda 6 n'kuliika m'galimoto ya masilinda anayi chifukwa chakuti mapulagi ake alowana, injini ikamazungulira pa 3,000 kamuvi kadzaloza pa 2,000. Akachita mosemphanitsa, 3,000 idzaoneka ngati 4,500, ndipo dalaivala azidzasintha magiya msanga poopa kuphulitsa injini imene ikungoyenda mwakachetechete. Geji yotere ilibe vuto lililonse. Ikuwerenga bwino kugunda kumene ikumva, kungoti inabadwira m'nyumba ina. Chotero pa galimoto yakale, makamaka yogula kwa munthu, ndi bwino kufunsa kaye ngati injini kapena mageji anasinthidwapo.

Za dizilo n'zina. Kulibe koyilo, kulibe mapulagi a moto, choncho opanga anayenera kupeza kwina kotenga kugunda. Toyota pa injini zake za 2L ndi 3L, zimene zinadzaza m'ma Hilux ndi m'ma Hiace, inaika sensa pa pampu ya dizilo. Ena ambiri, makamaka a ku Ulaya, ankatenga pa alternator, pa kachitsulo kolembedwa W. Njira yachiwiriyi ili ndi msampha wake. Alternator imazunguliridwa ndi lamba, ndiye lamba akamatereza kamuvi kamatsika ngakhale injini isanasinthe kanthu. Ndipo munthu akasintha alternator n'kuikapo ya pule yaying'ono kapena yayikulu, geji imayamba kunama tsiku lomwelo, mosasinthasintha, moti mwini wake amatha kuikhulupirira zaka zambiri.

Ngakhale ku Britain, kumene anthu amasunga MG ndi Triumph za m'ma 1960 n'kumazipukuta Loweruka lililonse, nkhani yake ndi yomweyi. Mageji a Smiths a nthawi imeneyo, olembedwa RVI pankhope, ankamva magetsi odutsa mu waya woyera wopita ku koyilo. Mwini galimoto akachotsa mapoyinti n'kuika zoyatsira zamakono, kagundidwe kamasintha maonekedwe, kamuvi n'kuyamba kuvina. Mtundu wa RVC, umene unabwera kumayambiriro kwa m'ma 1970, umawerenga mwa njira ina ndipo suvutika choncho. Munthu wakonza galimoto yake kuti iziyaka bwino, geji n'kusokonezeka chifukwa cha kukonzako.

Tibwerere ku funso loyamba lija, limene silifuna sipanala kapena mita. Limafuna khutu ndi msana. Kamuvi kakagwa, kodi injini nayo inatsamwa? Kodi galimoto inagwedezeka, kulira kwake kunasintha, mphamvu inachepa? Ngati diso ndi khutu zagwirizana, geji isiyeni, yanena zoona, ndipo vuto lili ku moto. Amene anayendetsapo Honda Civic za m'ma 1990 amadziwa kuti kamuvi kolumphalumpha pamodzi ndi injini yotsamwa kawirikawiri kamakhala kakulosera imfa ya igniter ya mu distributor, ndipo amene wamvera chenjezolo sagona pamsewu. Ngakhale galimoto ikakana kulira, kamuvi kamathandiza: pa galimoto zambiri za mtundu uwu, sitata ikamazunguza injini kamuvi kamagwedezeka pang'ono. Kakangoti zii osasuntha, ndi chizindikiro chakuti kugunda sikukutuluka n'komwe, ndipo palibe chifukwa choyambira ku pampu ya mafuta.

Palinso nthawi imene kamuvi kamaoneka ngati kapenga pamene kali bwinobwino. Pokwera phiri la ku Thabwa, kuchokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre, galimoto itadzaza anthu ndi matumba, munthu amaponda moto n'kuona ma rev akukwera koma liwiro lili pomwepo. Ameneyo asakayikire geji. Kilatchi ikutereza, ndipo posachedwa mphuno idzamva fungo lake. Pa galimoto ya magiya a pamanja, injini ndi matayala zimamangidwa pamodzi: giya yomweyo pa liwiro lomwelo iyenera kupereka ma rev omwewo lero, mawa ndi chaka chamawa. Ichi ndi choyezera chaulere chimene dalaivala aliyense ali nacho, ngati anazolowera kuyang'ana.

Kwa ine diso ndi khutu sizinkagwirizana. Kamuvi kankagwa pa ziro ndili pa liwiro losasintha mu msewu wa ku Zomba, injini ikulira mosalala, galimoto osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ndinafunsanso kompyuta ya galimotoyo mwa njira yake yachikale. Toyota za nthawi imeneyo zili ndi kabokosi pansi pa boneti kolembedwa DIAGNOSIS. Munthu akalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya n'kutsegula kiyi, nyali ya check engine imaphethira manambala. Nambala 12 ndi 13 zimanena za chizindikiro cha kuzungulira kwa injini, 14 imanena za moto. Yanga inangophethira mofanana osalekeza, kutanthauza kuti ilibe dandaulo. Mlandu tsono unatsala pakati pa distributor ndi dashibodi.

Makaniko woyamba amene ndinamuonetsa ndi mnyamata wa manja abwino, amene amandisinthira oyilo ndi mabuleki. Anayang'ana kamuvi, anamenya dashibodi ndi chikhatho, kamuvi n'kudzuka.

"Bwana, apa tingosintha cluster yonse. Ndikudziwa pomwe ili, ya AE100 yomweyi. Ikakana, ndiye kuti ndi distributor."

Mawu akuti "ikakana" ndi amene anandibweza. Ndi mawu ofala m'magalaji athu, kuyambira ku Ndirande mpaka ku Biwi, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti kuyeza kudzachitika ndi thumba la mwini galimoto. Tigule ichi tione. Chikakana tigule icho. Nthawi zina zimatheka pa ulendo woyamba, makaniko n'kutchuka. Nthawi zambiri munthu amatsala ndi katoni ya zipangizo zabwinobwino m'buti, vuto likadali pomwepo.

Komabe sindimuweruza mnyamatayo mwaukali, chifukwa khalidweli tinamuphunzitsa ndife eni galimoto. Timalipira chitsulo chimene tachiona ndi maso. Makaniko akatulutsa distributor yakale n'kutionetsa, timatulutsa ndalama mosawiringula. Koma akakhala maola awiri ndi mita m'manja n'kupeza kuti vuto ndi kawaya kamodzi kolezuka, timafunsa kuti, "Ndiye mwachitapo chiyani?" Munthu amene ali ndi ana oti adye amaphunzira msanga kuti kuganiza sikugulitsika, ndipo amasiya. Palinso china: bokosi la mageji la pamsika nalo linachokera m'galimoto ya zaka zomwezo, linaphikidwa ndi dzuwa lomwelo. Kugula limenelo ndi kugula vuto lomweli lisanafike tsiku lake, kuwonjezera apo n'kutengera makilomita a galimoto ya eni ake.

Ndinapita kwa bambo wina wachikulire wa zamagetsi a galimoto, amene amagwirira ntchito pansi pa shedi ya malata kuseri kwa mashopu. Zida zawo n'zochepa: tesita ya nyali, mita yachikasu yakale, timing light yokhala ndi geji yakeyake ya ma rev, ndi mawaya ochuluka opachikidwa pamsomali. Asanatsegule boneti anandifunsa mafunso kwa nthawi ndithu, ndipo limodzi sindinaliyembekezere.

"Mukayatsa magetsi usiku, kamuvi kamasintha?"

"Sindinaonetsetse, bambo."

"Nanga mukayatsa indiketa? Geji ya mafuta ndi ya kutentha, nazo zimasuntha nthawi yomwe aka kagwa?"

"Ayi, izo zimangokhala."

"Chabwino. Ilizeni tione."

Mafunsowa anali kale kuyeza. Geji ya ma rev ili ndi mawaya atatu okha ofunika: wobweretsa magetsi kiyi ikatsegulidwa, wa earth, ndi wobweretsa kugunda. Oyamba awiriwo imagawana ndi mageji anzake. Fyuzi ikalezuka kapena magetsi akamadukiza, mageji onse amagwera limodzi. Earth ikachita dzimbiri, magetsi a nyali za mu dashibodi amasowa njira yobwerera n'kudutsira mu geji, ndiye kamuvi kamasuntha munthu akayatsa magetsi kapena kuphethira pamodzi ndi indiketa. Bambowo anayatsa magetsi onse, indiketa, fani ya mkati, akuyang'ana kamuvi. Sikanalabadire chilichonse mwa izi. Ndi mafunso atatu ndi kutembenuza maswitchi, anali atachotsa theka la okayikiridwa asanamasule sikuluwu ngakhale imodzi.

Kenako anaitana mboni yachiwiri. Anakoleka timing light yawo pa waya wa pulagi yoyamba, n'kundiuza kuti ndikhale mkati ndizinena zimene kamuvi kakuchita. Iwo ankawerenga zawo mokweza. Pa mphindi zoyamba tinkagwirizana. Injini itatentha, ine ndinati, "Kagwa!" Iwo anayankha kuti kwawo sikunasunthe. Anapita pa kabokosi ka DIAGNOSIS kaja, pamene pali kabowo kolembedwa IG ndi chizindikiro cha negetivu, kamene Toyota inaikira dala oyeza ma rev. Mita yokhoza kuwerenga Hz, kutanthauza kugunda pa sekondi, ikaikidwa pamenepo, nambala yake imachulukitsidwa ndi 30 pa injini ya masilinda anayi: 27 ndi pafupifupi 800, 50 ndi 1,500. Anandichenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, kabowo kameneko kasakhudzane ndi chitsulo cha galimoto, chifukwa igniter kapena koyilo ikhoza kupsa. Chachiwiri, mbali ya negetivu ya koyilo imaponya mavoti mazana angapo pa kugunda kulikonse, ndipo timita totchipa timasokonezeka nazo n'kuonetsa manambala osadziwika mutu wake. Pa chifukwa chimenechi iwo sakhulupirira choyezera chimodzi chokha.

Kugunda kunali kukutuluka bwino m'injini. Funso lotsala linali lakuti kodi kukufika ku dashibodi. Makoswe amakonda mawaya a galimoto zogona panja, ndipo pamene mtolo wa mawaya umabowola khoma la pakati pa injini ndi mapazi a dalaivala, mphira ukatha, chitsulo chimacheka pang'onopang'ono. Waya wa geji ukachekeka n'kukhudza chitsulo, ukhoza kuzimitsa injini yonse, popeza umachokera pamalo pomwe moto umabadwira. Pa galimoto zina zakale, makaniko akasowa moto amayamba wachotsa waya umenewu kuti aone ngati geji ndi imene yagwira injini pakhosi. Bambowo anatulutsa bokosi la mageji, n'kuyeza pa pulagi yake injini ikulira, kwinaku akugwedeza mtolo wa mawaya ndi dzanja. Magetsi analipo, earth inali yolimba, kugunda kunkafika osadukiza.

Ndinakonda kaonedwe kawo ka ntchito. Sankathamangira kumene ankakayikira kwambiri. Ndikhulupirira kuti pamene anamva kuti kamuvi kamadzuka ndi dzenje ndipo kamagwa masana, anali atadziwa kale kuti vuto lili mkati mwa bokosi. Koma anayenda njira yonse, kuchokera kumene kugunda kumabadwira mpaka kumene kumathera, kuti pomatsegula bokosilo asasiye funso kumbuyo. Anthu ena amati kumeneko n'kutaya nthawi. Ine ndaona kuti amene amalumpha masitepe ndi amene amatsegula dashibodi kawiri.

Kuseri kwa mageji a Toyota za nthawi imeneyo kuli pepala lopyapyala la pulasitiki, lokhala ndi timizere ta kopa m'malo mwa mawaya. Geji ya ma rev imamangidwa ndi masikuluwu ochokera kuseriko, ndipo masikuluwu omwewo ndi amene amadutsitsa magetsi. Ndi nzeru yochepetsa mtengo, ndipo imagwira ntchito zaka zambiri, mpaka fumbi, chinyezi ndi kugwedezeka kwa misewu yathu zitalowererapo. Imodzi inali yolezuka pang'ono, pansi pake pataderako. Anapukuta ndi kumanga, koma sanakhutire. Anatulutsa geji yeniyeniyo n'kuyang'ana kabolodi kake kobiriwira ndi galasi lokulitsa la okonza mawotchi, kenako anandipatsa kuti ndione ndekha. Pa mwendo wa chipangizo chimodzi, mtovu wowotcherera unali ndi mng'alu wozungulira, wopyapyala kuposa tsitsi.

Mng'alu umenewo unafotokoza zonse zimene ndinkaona. Chitsulo, mtovu ndi bolodi zimafutukuka mosiyana zikatentha. M'mawa mbali ziwiri za mng'alu zinkakhudzana, geji n'kumagwira ntchito. Masana, galimoto itaima padzuwa la mu Okutobala limene limatenthetsa dashibodi moti munthu sangaikepo dzanja, mng'alu unkatseguka. Dzenje la pamsewu, kapena chikhatho cha makaniko uja, zinkaukhudzanitsa kwa kanthawi. Kumenya dashibodi, kumene timakuseka, ndi kuyeza ndithu: geji imene imadzuka ikamenyedwa yaulula kuti vuto ndi polumikizira, ndipo lili pafupi ndi pamene pamenyedwapo.

Anasinthanso kapasita imodzi imene inali pafupi, ngakhale inali isanatupe. Makapasita a mtundu umenewu ali ndi timadzi mkati timene timauma ndi zaka, ndipo a zamagetsi amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umatsika ndi theka. Kapasita youma imachititsa kamuvi kunjenjemera kapena kuloza molakwika, ndipo ya zaka zoposa makumi atatu m'dziko lotentha yagwira kale ntchito yoposa imene inalembedwera. Anatuma mwana kukagula ina kwa wokonza mawailesi. Mtengo wake sunafike wa botolo la Fanta. Kamuvi kenikeniko sanakazule pa msomali wake, ndipo anandiuza kuti amene amakazula osaika chizindikiro amakabwezera pena, geji n'kumanama moyo wake wonse ndi ma rev 200 kapena 300. Atamaliza kuwotcherera, anabwezera zonse, n'kuyerekeza ndi timing light pa 1,000, pa 2,000 ndi pa 3,000. Mboni ziwirizo zinagwirizana.

Mtengo umene anatchula unali woposa wa kapasita kambirimbiri, ndipo unali wochepera kutali wa bokosi la mageji la pamsika. Sindinanenerere. Mnzanga wina nditamuuza anagwira pakamwa: ndalama zonsezo chifukwa cha dontho la mtovu? Ndinayesa kumufotokozera kuti dontholo aliyense akanatha kulidontheza, koma kuti pa mfundo mazana ambiri za m'galimoto munthu adziwe yoti adonthezepo, pamafunika zaka za kupsa zala. Sanakhutire, ndipo ndikudziwa kuti galimoto yake ikadzavuta adzapita kumene adzamuonetse chitsulo chakale. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti pa shedi ija panalibe wachinyamata wophunzira ntchito, kupatula mwana wotumidwa uja. Achinyamata ali kumene kuli ndalama za msanga, ndipo sindingawanene.

Galimoto za masiku ano zinasintha njira yonseyi. Sensa ya pa crankshaft imauza kompyuta, kompyuta imatumiza nambala pa mawaya awiri a CAN, njira imene Bosch inaonetsa koyamba mu 1986, ndipo kamota kakang'ono kuseri kwa geji kamasuntha kamuvi. Kupeza mboni yachiwiri kunaphweka: kachipangizo ka OBD kamalumikizidwa pa soketi ya pansi pa chiwongolero, imene ku America inakhala lamulo pa galimoto zatsopano kuyambira mu 1996, foni n'kuonetsa ma rev amene kompyuta ikuona. Foni ikanena 800 kamuvi kali pa ziro, mlandu watha m'mphindi imodzi. Zimenezi n'zabwino, ndipo sindili m'gulu la amene amati zakale zonse zinali zoposa. Koma makina amenewa amangonena pamene kugunda kwafika ndi pamene sikunafike. Chimene chachitika pakatipo chimafunabe munthu wogwedeza mawaya ndi dzanja ndi kufunsa za indiketa. Ndaona anyamata ali ndi makina a mtengo wapatali akuwerenga nambala ya vuto pa sikirini n'kuthamangira kukagula sensa, pamene waya wake wangodyedwa ndi khoswe. Ndi "ikakana" yemwe uja, wangovala bwino.

Geji itachira ndinayamba kuona zinthu zimene khutu linali litazolowera. M'mawa injini imayamba pamwamba pa 1,000 n'kutsika pang'onopang'ono ikamatentha, monga iyenera kuchitira. Koma ikatentha, m'malo mokhazikika pakati pa 700 ndi 800, inkatsika kufika cha pa 600 fani ya rediyeta ikayaka, n'kukwera mochedwa, chiwongolero chikunjenjemera pang'ono. Ndinabwerera ku shedi kuja ndili ndi kakayikiro kakuti mwina kamuvi kayambiranso. Bambowo anakoleka timing light yawo, tinadikira fani, ndipo manambala awo anatsika pamodzi ndi anga.

"Apa geji ilibe mlandu," anatero. "Ndi valavu ya idling, ya pa throttle. Yadzaza mwaye. Imeneyo si ntchito yanga. Pitani kwa mnyamata wanu uja, ali ndi manja abwino. Koma mukamuuze kuti aitsuke. Akanena zogula ina, mubwere nayeni kuno ndidzalankhule naye."